Zitumbuwa za pa Myembe

1. Dziko la pawindo

Loveness anali atatha masabata atatu ku Karonga, koma dziko lonselo ankalidziwira pawindo la kukhitchini.

Anachokera ku Ntcheu atangolemba mayeso a Fomu 2. Bambo ake anati m'malo mongokhala kudikira zotsatira, apite akathandize azakhali ake, a Chrissie Ndau, omwe anali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi mtsinje wa Songwe. Ulendo wonse mtsikanayo ankalota minda ya mpunga yosaoneka malire, ng'ombe zovala mabelu m'khosi, ndi anthu olankhula ngati akuyimba. Atafika anapeza nyumba ya zipinda ziwiri, mpanda wa minga, ndi lamulo limodzi: asatuluke.

Chinavuta chinali khadi. Khadi lake la chipani linatayika pa ulendo, mwina posintha basi ku Mzuzu, ndipo makhadi atsopano ankayembekezeka kumapeto kwa mwezi. Masiku amenewo munthu wopanda khadi anali ngati mbuzi yopanda mwini.

Choncho ankaphika, kusesa, kuchapa mayunifomu oyera, kenaka n'kuima pawindo. Ndiwo zinali nyemba zofumbwa ndi kabichi wofota, zomwe azakhali ankagula kamodzi pamwezi ku boma. Koma Lachitatu lililonse m'mawa, kuseri kwa mpanda kunkadutsa amayi ndi madengu pamutu. Wina mkoko wa nthochi, wina mphika wovindikira ndi tsamba, wina nkhuku m'khwapa. Ankaoloka msewu n'kulowa kanjira ka m'minda ya mpunga, ndipo mphepo inkatsalira ndi fungo lomwe Loveness sankalidziwa dzina.

Amene anamuuza kumene ankapita anali Gordon, mnyamata wamtali wa njinga ya magalasi awiri, yemwe ankakonda kuima pa mjigo wa pachipatala kumwa madzi ngakhale analibe ludzu.

“Amapita pa Myembe, asisi a ku Ntcheu,” anatero akumwetulira. “Msika wa alimi eniake. Mpunga wake ukauphika, anthu a nyumba yachitatu amameza malovu. Kapena kwanu mumangodziwa mbatatesi?”

Loveness anaseka atagwira pakamwa. Tsiku lonselo anapsereza nyemba kawiri.

2. Mawu a azakhali

Lachiwiri masana, azakhali atabwera kudzadya, Loveness anayamba nkhaniyo mochenjera.

“Azakhali, akuti pafupi pompano pali msika. Akuti zinthu zake n'zongochoka kumunda. Bwanji mawa ndikaguleko ndiwo?”

A Chrissie anaika supuni pansi. Anadzuka, n'kukatseka windo, n'kubwerera pampando.

“Mwana wa achimwene anga, tsegula makutu. Msikawo ndikuudziwa, ndipo anthu ake ndi abwino kuposa ambiri omwe ndakhala nawo. Koma kuno si ku Ntcheu. Kuno n'kumalire. Tsidya la mtsinjewo kuli dziko lina, ndipo kumeneko kuli anthu omwe boma lathu silifuna ngakhale kumva mayina awo. Anthu a kuno ali ndi abale mbali zonse. Mchere umaoloka, nsalu zimaoloka, ukwati umaoloka. Kwa iwo si nkhani. Koma ife a ntchito za boma, ochokera kutali, timawerengedwa mapazi. Mphunzitsi wina pasukulu iyo anapezeka ndi kalata ya sitampa ya tsidya. Inali ya mlamu wake, yonena za maliro. Chaka chino n'chachitatu, mkazi wake akudikirabe.”

Loveness anayang'ana m'mbale.

“Ndiye umve zitatu izi. Usatuluke mpanda uno wopanda khadi lako. Usatole pepala lililonse lolembedwa chilankhulo cha tsidya, ngakhale litakongola bwanji. Ndipo munthu wokusekerera kwambiri, uyambe wamuona malaya amene wasiya kunyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wamva?”

“Ndamva, azakhali.”

Anamvadi. Koma ndani angatsekere m'nyumba mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene kunja kukununkhira? Kumapeto kwa mwezi kunali kutali ngati Khirisimasi.

M'mawa wa Lachitatu, azakhali atangolowa m'chipinda cha amayi oyembekezera, Loveness anatsegula Baibulo lawo. Khadi lawo linkagona m'buku la Masalimo. Analitenga, n'kulipindira m'chitenje cham'chiuno, n'kunyamula dengu.

“Ndibwera asanaweruke,” anauza mphaka.

3. Pansi pa mitengo ya mango

Pamsewu panalibe munthu. Anaoloka mothamanga, n'kutsata kanjira ka pamzere wa pakati pa minda. Mpunga unali utayamba kucha, ndipo mphepo ikaomba unkawerama wonse pamodzi ngati anthu m'tchalitchi. Patsogolo panaoneka mitengo ikuluikulu ya mango isanu ndi umodzi, ndipo pansi pake panali phokoso.

Loveness anaima kukamwa kuli yasa.

Panalibe mabenchi, panalibe mpanda, panalibe wofunsa khadi. Aliyense anayala zake pamasamba a nthochi. Panali nthochi zophika zomwe kumeneko amati matoki, zobiriwira ngati zapakidwa utoto. Panali chinangwa chongozulidwa, dothi likadali lonyowa. Panali mafuta ofiira a kanjedza otchedwa mawese m'mabotolo, maungu, mtedza, ndi chambiko, mkaka wowawasa woyera mbee m'zipanda. Ndipo fungo lija, lomwe linkamuvutitsa pawindo, analipeza mwini wake: mpunga wongopunthidwa, wowunjikidwa m'malichero.

“Mughonile!”

Mawuwo anachokera kwa mayi wina wonenepa, wa mpango wachikasu, yemwe ankakazinga zitumbuwa za ufa wa mpunga pachiwaya. Pambali pake panali lichero la mpunga ndi mulu wa matoki.

Loveness anacheuka kuona ngati akuitana munthu wina. Mayiyo anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

“Ndiwe mwana wa kwa anesi, eti? Ndakuona pawindo, maso ngati mwana wa ng'ombe womangidwa. Bwera kuno. Ine ndine Bertha, a kuno amati Namsukwa. Kwathu kuno sugula kanthu usanapereke moni. Ndikati mughonile, iwe uziti ena, mughonile. Tayesa.”

“Ena, mughonile.”

“Eya! Lilime la ku Ntcheu, koma lidzawongoka. Ndipo ukalandira kanthu uziti ndagha.”

Anamuphunzitsa kusankha mpunga: kuufikisa m'manja, kuupumira mpweya, kenaka kuununkhiza. Anamuuza kuti matoki abwino ndi a nthiti zodzaza, ndipo posenda adzoze mafuta m'manja kuti utomoni usamudetse. Loveness anagula mpunga mbale ziwiri, matoki phava limodzi ndi kabotolo ka mawese. Dengu linalemera, mtima unapepuka.

Potsiriza mayi Bertha anavuula zitumbuwa zinayi.

“Izi ndi basela. Azakhali ako anandichapa bala la pamwendo miyezi iwiri osanyansidwa. Ndinapita ndekha pakhomo pawo kukathokoza, chifukwa kwathu kuno zikomo satuma munthu. Zikomo amayenda ndi mapazi a mwini wake.”

Anatambasula dzanja kuti atenge tsamba la nthochi lokulungira, koma analeka.

“Ayi. Tsamba ndi la ife akumudzi. Mwana wa sukulu timamukulungira m'pepala ngati kusitolo.”

Pansi pa lichero anasolola nyuzipepala yakale, n'kung'ambapo tsamba limodzi. Anati mwana wawo wokwatiwa tsidya anawakulungiramo mchere. Iwo sankadziwa kuwerenga. Kwa iwo pepala linali ulemu basi.

“Ndagha,” anatero Loveness, ndipo amayi oyandikana nawo anaomba m'manja.

4. Mtsikana wa pachithunzi

Zitumbuwa sizinafike patali. Pofika pakati pa minda, ziwiri zinali zitapita, ndipo ziwiri za azakhali anaziika pamwamba pa mpunga. Pepala linatsala m'manja.

Ndi pamene anaona kuti mawu ake sanali Chichewa kapena Chingerezi. Mawu a azakhali anamubwerera m'makutu. Anakweza dzanja kuti aliponye m'ngalande.

Koma pakona pake panali chithunzi. Mtsikana wa msinkhu wake anaima m'mbali mwa nyanja yaikulu, sitima zili kumbuyo kwake, tsitsi lake lili mbuu ngati mtambo, diresi lake lolekezera pamwamba pa mawondo, lomwe kuno akanamangidwa nalo. Ankaseka ngati munthu amene sanafunsidwepo khadi chibadwire.

Loveness anayang'ana kumbuyo. Anayang'ana kutsogolo. Anapukuta mafuta pachithunzicho, n'kupinda pepalalo kanayi, n'kulilowetsa m'chitenje momwe munali khadi. Kuseri kwa tsambalo sanayang'aneko n'komwe.

Atatulukira pamsewu, anapeza njira yatsekedwa.

Nsungwi yaitali inali itapingasidwa pakanjira. Pambali pake panaima anyamata atatu a chipani ovala malaya ofiira, ndi bambo wina wamfupi wa magalasi akuda, atakhala pampando wopinda. Anali a Zebedee, wapampando wa chipani m'deralo. Ndipo wogwira nsungwi, malaya ake ofiira ositidwa bwino, anali Gordon.

“Khadi, msungwana,” anatero a Zebedee.

Loveness anapisa m'chitenje. Khadi linatuluka, koma silinatuluke lokha. Pepala lamafuta lija linali litamatirira, ndipo linagwera pafumbi, pamapazi a wapampando.

A Zebedee anayamba ndi khadi. “Chrissie Ndau.”

“Ameneyu si Chrissie, atcheya,” anatero Gordon, akumwetulira monga ankachitira pa mjigo. “Chrissie ndi anesi. Uyu ndi mlendo wawo.”

Wapampando anatola pepala. Analifunyulula pang'onopang'ono. Mtsikana wa pachithunzi sanamusamale. Anatembenuza tsambalo, n'kuvula magalasi. Pamwamba, pakati pa mawu achilendo a zilembo zikuluzikulu, panali liwu limodzi lomwe aliyense akanaliwerenga: Malawi. Pansi pake panali chithunzi cha amuna anayi a masuti atakhala patebulo.

“Ukuwadziwa awa?”

“Ayi, bambo.”

“Awa ndi zigawenga. Anathawa dziko lino. Ndiye iwe ukuyenda ndi nkhope zawo m'chiuno, pamodzi ndi khadi la wantchito wa boma.” Analankhula motsitsa, ndipo kutsitsako n'komwe kunaopsa. “Wakupatsa ndani?”

“Anandikulungira zitumbuwa. Khadilo ndatenga ndekha, azakhali sakudziwa. Pepalalo ndasunga ndine chifukwa cha chithunzi cha kuseriko.”

“Sindinafunse zimenezo. Ndati wakupatsa ndani?”

“Dzina sindinafunse.”

“Palibe kanthu. Chala uli nacho. Tiye ukatilozere.”

5. Moni wosayankhidwa

Anabwerera m'kanjira komweko, Loveness patsogolo, wapampando pambuyo, malaya ofiira pambuyo pake. Mpunga unkaweramabe ndi mphepo, koma tsopano mtsikanayo sankauona.

Gordon anamuyandikira n'kunong'ona.

“Usalimbe mutu, asisi. Ungoloza basi. Khadi libwerera m'manja mwako, azakhali ako sadzamva n'komwe. Mayi wa kumudzi akakhala kundende masabata angapo, ataya chiyani? Koma anesi ataya ntchito, mwina ndi zina. Ndikukuthandiza chifukwa ndiwe.”

M'kamwa mwa Loveness kukoma kwa zitumbuwa kunali kusanachoke.

Atafika pa Myembe, phokoso linazima ngati moto wothiridwa madzi. Wopima chambiko anaima chikho chili m'mwamba. Mwana wina analira, mayi ake n'kumutseka pakamwa ndi bere. A Zebedee anakweza pepala lija kuti onse alione.

“Yenda mzere uliwonse,” anauza Loveness. “Usafulumire.”

Okazinga zitumbuwa analipo anayi. Loveness anadutsa woyamba. Anadutsa wachiwiri. Kenaka anaona mpango wachikasu.

Mayi Bertha anali atawerama pachiwaya, ndipo sanaone pepala m'manja mwa wapampando. Atadzutsa mutu anangoona mwana wawo wa m'mawa uja. Nkhope inawala.

“Mughonile kachiwiri, mwanangu!”

Msika wonse unamva. Yankho linali pa lilime la Loveness, lophunzitsidwa kumene, lofunda. Analimeza. Anayang'ana mayiyo monga munthu amayang'anira chitsa, n'kutembenukira kwa Gordon.

“Akuti chiyani amayiwa? Ine chilankhulo chanuchi sindimva.”

Mayi woyandikana nawo anatsonya chifukwa cha mwanowo. Koma mayi Bertha anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, kenaka dzanja la wapampando, ndipo kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

“Ndimapatsa moni aliyense,” anatero m'Chichewa. “Ena amayankha, ena analeredwa ndi mbuzi.”

Anawerama ngati akusonkheza moto. Loveness, akudutsa, anaona ndi ngodya ya diso dzanja likusolola kanthu pansi pa lichero n'kukankhira pansi pa chiwaya. Lawi linakwera kamodzi, mafuta anathetheka, basi.

Anamaliza mizere yonse n'kuima.

“Sindikuwaona, bambo. Mwina apita kale.”

A Zebedee anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapinda pepala lija, khadi lili m'kati, n'kuika m'thumba la malaya.

“Msungwana, ine ndili ndi ana aakazi atatu, ndipo ndimadziwa nkhope ya mwana akamanama. Ndakupatsa khomo, walikana. Tsono mvera. Pepala ili silingapite ku boma lopanda dzina. Ukanandipatsa la wogulitsa, ndikanalemba limenelo. Wandimana, ndiye ndilemba lomwe ndili nalo m'thumba muno. Ukawauze anesi kuti mawa dzuwa likamatuluka akandipeze ku ofesi. Ukakumbukira nkhope usiku uno, ubwere nawo. Nyamula dengu lako, zipita.”

6. Zikomo wa mapazi

Azakhali anali atafika kale kunyumba. Baibulo linali lotsegula patebulo, pa Masalimo.

Loveness anatula dengu, n'kugwada pakhomo la kukhitchini, n'kunena zonse. Sanasiyeko kanthu, ngakhale za mtsikana wa pachithunzi. Ankayembekezera mbama. Mbama siinabwere.

A Chrissie anavula kachipewa koyera n'kukaika patebulo.

“Ndinakuuza zitatu, wathyola zonse tsiku limodzi, dzuwa lisanafike pamutu. Khadi langa unaba, Loveness. Usalipatse dzina lina, kumeneko n'kuba. Unaona ngati ndikukumana dziko, pamene ine ndimakusungira kuti udzalione nthawi yaitali. Taona tsono, mpunga mbale ziwiri watigulira chiyani.”

Misozi ya Loveness inagwera pasimenti.

“Koma dzuka. Pali chimodzi chimene sunalakwe. Mayi uja ali ndi adzukulu asanu omwe amadya za pachiwaya chija. Sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ukanamuloza, khadi langa likanabwera, koma ine ndikanakukweza basi ya ku Ntcheu mawa lomwe, ndipo sindikanakutchulanso mwana wa achimwene anga. Cholakwa chako usamachilipire ndi msana wa munthu wina. Mawa ndipita. Ndikanena zoona, kuti ndilibe chimene ndikudziwa. Zotsalazo adziwa ndi Mulungu.”

Analowa kuchipinda. Loveness anawamva akutsegula sutikesi. Atasuzumira anawaona akupinda bulangete, juzi ndi sopo mu kathumba kakang'ono, mwakachetechete, ngati munthu amene anaziganizirapo kale.

Zitumbuwa ziwiri zija zinali zikadali pamwamba pa mpunga. Palibe anazikhudza.

Cha m'ma folo koloko, Loveness anapita kukatseka windo la kukhitchini. Dzanja linaima panjira.

Kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa kesha, panatsamira njinga ya magalasi awiri. Gordon anali atakhala pamizu, malaya ofiira atavula, akusenda nzimbe ndi mano. Maso ake anali pachipata cha nyumba yawo. Sankadikira moni. Ankadikira kuona amene abwere.

Ndipo kutali, pakanjira ka m'minda ya mpunga, munthu ankabwera pang'onopang'ono, akutsimphina mwendo umodzi. Pamutu anasenza mkoko wathunthu wa matoki. Pansi pa mkokowo panaoneka mpango wachikasu.

Loveness anakumbukira mawu a m'mawa: zikomo satuma munthu.

“Azakhali,” anaitana. “Azakhali, bwerani msanga.”

Mayi Bertha anali atafika pamsewu. Pansi pa mtengo wa kesha, Gordon anataya nzimbe n'kuimirira.